Thangata ku Thyolo: zifukwa za eni akapolo zimene zinawoloka nyanja

M'chaka cha 1861 munachitika zinthu ziwiri, china ku America, china kuno kwathu. Pa 21 Marichi, mumzinda wa Savannah m'chigawo cha Georgia, Alexander Stephens, wachiwiri kwa mtsogoleri wa zigawo zakummwera zimene zinali zitangodzipatula ku United States, anaima pamaso pa khamu n'kunena poyera kuti boma lawo latsopano lamangidwa pa mfundo imodzi: munthu wakuda salingana ndi mzungu, ndipo ukapolo ndiwo malo ake achibadwa. Patangopita miyezi inayi, pa 16 Julayi, m'mudzi wa Mbame, pamwamba pa zitunda zotsetserekera ku Shire, David Livingstone ndi anzake anakumana ndi mdipiti wa anthu 84 omangidwa, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Owakusa aja analiyatsa liwiro kulowa m'tchire. Zingwe za amayi anadula ndi mipeni, koma magoli a m'khosi mwa amuna anachita kucheka ndi sowo. Anthuwo anauzidwa kuti aphike ufa umene anasenza, ndipo nkhuni zake zinali magoli omwewo.

Livingstone ankakhulupirira kuti mapiri a kuno adzathandiza kugwetsa ukapolo wa ku America. Mafakitale a nsalu a ku Lancashire ankadalira thonje lolimidwa ndi akapolo, ndiye iye ankati anthu aufulu a m'mbali mwa Shire akamalima thonje n'kumagulitsa ku Britain, msika wa eni akapolo udzafota wokha. Koma pasanathe zaka 50, m'mapiri omwewa, kuyambira ku Magomero mpaka ku Thyolo ndi ku Mulanje, munamera mchitidwe umene agogo athu ankautchula ndi mkwiyo mpaka kumwalira kwawo: thangata. Mmodzi mwa eni minda amene anauumirira kwambiri anali mdzukulu wa Livingstone yemweyo, Alexander Livingstone Bruce.

Tinene chilungamo pachiyambi pomwe. Ntchito ya thangata sinali ukapolo wofanana ndi wa ku Georgia. Munthu wa pa esiteti sankagulitsidwa pamsika, ndipo ana ake sankalembedwa m'buku la katundu pamodzi ndi ng'ombe. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Chimene chikufanana ndi mawu amene ankatuluka pakamwa pa oikira kumbuyo michitidwe iwiriyi. Ukapolo wa ku America unatha ndi nkhondo, koma zifukwa zouikira kumbuyo sizinafe nawo. Zinafika m'minda ya ku Thyolo, ndipo zina mwa izo zikumvekabe pakati pathu.

Zimene ankanena eni akapolo ku America

Pofika mu 1860, ku United States kunali akapolo pafupifupi 4 miliyoni. Eni akapolo a mibadwo yoyambirira, monga Thomas Jefferson, ankachitako manyazi. Ankati ukapolo ndi choipa chimene anachipeza, ndipo tsiku lina chidzatha. Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1830. Mu 1831 kapolo wina mlaliki, Nat Turner, anatsogolera anzake kuukira ku Virginia. Chaka chomwecho William Lloyd Garrison anayambitsa nyuzipepala yolimbana ndi ukapolo, The Liberator, ndipo mu 1833 nyumba ya malamulo ya Britain inavomereza lamulo lothetsa ukapolo m'maiko ambiri amene inkalamulira. Eni akapolo ataona kuti madzi afika m'khosi, anasiya kupepesa. Mu Febuluwale 1837 John C. Calhoun anauza nyumba ya Senate kuti ukapolo si choipa chongopirira nacho ayi, koma chinthu chabwino kwa mbuye ndi kwa kapolo yemwe.

Chifukwa choyamba anachitenga m'Baibulo. Abusa monga Thornton Stringfellow wa ku Virginia ankalalikira kuti Abrahamu anali ndi akapolo, kuti Paulo anabweza Onesimo kwa Filemoni, ndiponso kuti temberero la Nowa linagwera anthu akuda. Sankalabadira zoti m'buku la Genesis wotembereredwayo ndi Kanani, ndipo nkhani ya khungu mulibemo. Mkangano umenewu unang'amba mipingo. Mu 1845 a Baptist akummwera anadzipatula n'kupanga Southern Baptist Convention chifukwa anzawo akumpoto anakana kutumiza mwini akapolo ngati mmishonale. Mpingowu unadzapepesa mu 1995, patatha zaka 150.

Chachiwiri chinali cha chibadwa. Ankati munthu wakuda ndi waulesi, sangagwire ntchito popanda womukakamiza. Mu 1849 mlembi wotchuka wa ku Scotland, Thomas Carlyle, analemba monyoza za akapolo omasulidwa a ku West Indies, ati akungokhala pansi kudya maungu nzimbe zikuonongeka m'minda, choncho akakamizidwe. Mu 1851 dokotala wina wa ku Louisiana, Samuel Cartwright, anafika polemba kuti kapolo wothawa mbuye wake amakhala akudwala matenda a m'mutu.

Chachitatu chinali cha chisamaliro. George Fitzhugh, m'mabuku ake a 1854 ndi 1857, anati kapolo amakhala bwino kuposa wantchito wa m'fakitale ku England, chifukwa mbuye amam'dyetsa, amam'veka, ndipo amam'sunga akadwala kapena akakalamba. Kwa iye munda wa akapolo unali banja, mbuye ndiye bambo wa onse.

Chachinayi chinali cha chuma. Mu Marichi 1858 James Henry Hammond wa ku South Carolina anauza Senate kuti thonje ndilo mfumu, palibe angayerekeze kulimbana nalo, ndipo dziko lililonse lotukuka limafunika gulu la anthu apansi ogwira ntchito zonyozeka kuti apamwamba apeze mpata woganiza ndi kulamulira.

Chachisanu chinali cha lamulo. Kapolo ndi katundu wogulidwa ndi ndalama, ndipo boma silingalande munthu katundu wake. Mu 1857, pa mlandu wa Dred Scott, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika. Ngakhale Britain, pothetsa ukapolo, inapereka chipukutamisozi cha mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo. Akapolowo sanalandire kalikonse.

Nkhondo ya 1861 mpaka 1865 inathetsa ukapolo m'malamulo a America. Komabe omasulidwa ambiri anapezeka akulima m'minda yomweyo, akupereka gawo la zokolola kwa mwini malo, ali ndi ngongole zosatha. Eni minda anazindikira kuti ukagwira nthaka, palibenso chifukwa chogulira munthu: abwera yekha.

Ukapolo wa kwathu ndi kutha kwake

Tisaiwale kuti pamene Calhoun ndi Hammond ankalankhula, kuno anthu ankagulitsidwanso, ndipo ogulitsa ambiri anali akuda anzawo. Jumbe wa ku Nkhotakota ankawolotsa akapolo pa nyanja kupita ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Mafumu monga Makanjira, Mponda, Kawinga ndi Matipwiri analemera ndi malondawa, ndipo njira ina inkadutsa m'mbali mwa phiri la Mulanje kulowera ku Quelimane. Nawonso makolo athu anali ndi zonamizira zawo. Uyu ndi chikole cha ngongole, uyu analipiridwa mlandu wa mbale wake, uyu tinam'gwira pankhondo, uyu tinam'tola pa njala akanafa. Ankatinso kapolo wa pakhomo amakhala ngati mwana, ndipo mdzakazi amakwatiwa m'banja momwemo. Koma ogula akafika ndi nsalu ndi wonga, woyamba kutulutsidwa anali mwana wa dzina lokha uja.

Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Britain mu 1891, analimbana ndi mafumu a malondawa mmodzimmodzi. Linga la Fort Lister linamangidwa mu 1893 kuti litseke njira ya ku Mulanje, ndipo mu Disembala 1895 Mlozi, wina wa ogulitsa akapolowo, anagonjetsedwa n'kupachikidwa ku Karonga. Kutha kwa malonda a akapolo chinali chinthu chabwino, palibe angatsutse. Vuto linali lakuti ntchito yabwinoyi inasanduka ngongole imene Mwafirika sankatha kubweza. Kwa zaka 70 zotsatira, wodandaula aliyense ankakumbutsidwa kuti pakanapanda mzungu bwenzi ali m'goli.

Nkhondozi zili mkati, nthaka inali ikupita. Azungu monga John Buchanan ndi abale ake, Eugene Sharrer ndi banja la Bruce anali atatenga malo aakulu kwa mafumu posinthana ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi tinthu tina totero. Kuyambira mu 1892 Johnston anawapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim, ndipo m'dziko lonse zinakhudza maekala oposa 3.7 miliyoni. Mfumu ikamalandira nsalu zija inkadziwa kuti ikupatsa mlendo pokhala, monga mwa mwambo. Chikalata chinkanena zina: kuti malowo apita mpaka muyaya. M'zikalata zambiri munali ndime yoteteza midzi ndi minda imene inalipo kale, kuti isasunthidwe popanda chilolezo cha boma. Koma Amang'anja ndi Ayao a nthawiyo ankasintha minda nthaka ikaguga, ndipo mudzi ukangosuntha pang'ono, mwini esiteti ankati chitetezo chija chatha.

Mmene thangata ankayendera

Nthaka yopanda olima ilibe phindu. Khofi amene azungu anayamba naye anagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kenaka anayesa thonje ndi fodya. Tiyi anabzalidwa koyamba ngati mbewu ya malonda ku Mulanje mu 1891 ndi Henry Brown, ndipo ku Thyolo anafika cha mu 1908 pa esiteti ya Bandanga. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 minda ya tiyi inakuta zitunda za bomali, makamaka pangano la maiko olima tiyi la 1933 litakweza mitengo. Maina monga Satemwa, Naming'omba, Conforzi, Nchima ndi Makwasa anadziwika. Kampani ya British Central Africa, imene inatenga malo a Sharrer, inali ndi malo aakulu zedi ku Thyolo, ambiri osalimidwa n'komwe, ndipo pamalopo pankakhala mabanja ankhaninkhani.

Ambiri mwa mabanjawa anali Alomwe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 iwo ankawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhondo, misonkho, ntchito yokakamiza ndi zikoti za Apwitikizi. Ankafika ndi mphasa, miphika ndi ana kumsana. Ndime yoteteza eni nthaka sinkawakhudza chifukwa anali obwera. Mwini esiteti ankawapatsa pomanga nyumba ndi kamunda, ndipo lendi yake inali ntchito: mwezi umodzi wa malo, mwezi wina wa msonkho wa nyumba. Boma nalo linathandizira. Kwa zaka pafupifupi 20 munthu wosonyeza kalata yakuti wagwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka la msonkho, pamene wolima munda wake yekha ankalipira wonse.

Papepala, miyezi iwiri ikuoneka yochepa. Chinyengo chinali pa tikiti. Wantchito ankapatsidwa kakhadi ka timabokosi, bokosi lililonse tsiku limodzi. M'mawa kapitawo ankam'dulira ndime, kaya yopalira, kaya yokumba ngalande, kaya yozula zitsa. Dzuwa likapendeka kapitawo ankabwera kudzaona. Ndime ikatsala pang'ono, kapena mvula ikadula ntchito masana, tikiti sinkachongedwa, ndipo tsiku lonse linkapita pachabe. Lamlungu silinkawerengedwa. Mwa njira imeneyi mwezi umodzi unkatha milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo pa minda ya Bruce ku Magomero miyezi iwiri ija inkafika isanu kapena isanu ndi umodzi. Kumeneko ngakhale amayi amasiye ankagwiritsidwa ntchito, ndipo ena ankalipidwa fodya m'malo mwa ndalama. Wochedwa kapena woyankha ankalawa chikoti.

Chopweteka kwambiri chinali nyengo yake. Mwini esiteti ankafuna anthu m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Marichi, pamene udzu ukumera ndipo tiyi akuphukira. Imeneyi ndiyo nthawi imene munda wa chimanga umafuna mwini wake. Bambo akakhala ku ndime ya bwana, kupalira ndi kubandira zinkatsalira mayi ndi ana, ndipo njala ya chaka chotsatira inkayambira pomwepo.

Zifukwa zakale, eni ake atsopano

Eni minda anali ndi mabungwe awo, nyuzipepala yawo ndi mipando m'nyumba ya malamulo imene inakhazikitsidwa mu 1907. Mwafirika woyamba analowa m'nyumbayo mu 1949. Kwa zaka zonsezi, akafunsidwa za thangata pamaso pa makomiti a boma, mayankho awo ankazungulira pa mfundo zochepa, ndipo mwini akapolo wa ku South Carolina akanazizindikira zonse.

Ankati Mwafirika ndi waulesi, zofuna zake n'zochepa, amasiyira mkazi khasu iye n'kukhala pa mowa, choncho pafunika msonkho ndi lendi zom'kankha kuti aphunzire ubwino wa ntchito. Koma anthu omwewo ndiwo ankasenza mitengatenga kuchokera ku Shire kukwera mapiri, ndiwo ankanyamula azungu pa machila, ndiwo ankayenda wapansi kupita ku Salisbury ndi ku migodi ya Johannesburg. Alimi a m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje analima thonje, ndipo a ku Lilongwe ndi Dowa analima fodya wochuluka m'zaka za m'ma 1920 popanda kapitawo kumbuyo. Chimene munthu ankakana si ntchito ayi, koma ntchito yopanda malipiro oyenera pa nthawi imene munda wake ukumudikira.

Ankatinso thangata ndi mwambo wa eni dziko, iwo angolowa m'malo mwa mfumu. N'zoona kuti makolo athu ankathangatana. Anthu ankalima munda wa mfumu tsiku limodzi kapena awiri, ndipo nkhokwe ya mfumuyo ndiyo inkadyetsa alendo ndi osowa. Pa dima mwini munda ankafulula mowa kapena thobwa, ndipo mawa naye ankapita kukalima kwa mnzake. Mwambowo unali wobwezerana. Palibe bwana wa esiteti amene anagwirapo khasu m'munda wa Mlomwe, ndipo palibe mfumu inkathamangitsa banja pamudzi chifukwa cha tikiti yosakwana.

Ankati amasamalira anthu awo: awapatsa malo, nkhuni, udzu wofolera, phoso, ndiponso mtendere umene kwawo kunalibe. Umboni wawo unali wakuti Alomwe akubwera okha, palibe wawakoka. Koma wothawa moto akagwera m'minga sizitanthauza kuti amakonda minga. Amene ankati ndi ana awo ankawatchula dzina lonyoza lakuti Anguru, mpaka Lewis Bandawe ndi anzake anapanga bungwe la Alomwe mu 1943 n'kukakamiza boma kusiya dzinalo. Mwamuna wamkulu, wa imvi zake, ankayenera kuvula chipewa pamsewu mzungu aliyense akamadutsa.

Ankati malo ndi awo mwalamulo, chikalata chilipo, ndipo boma likakhudza ufulu wa mwini katundu palibe mzungu adzabweretsenso ndalama zake kuno. Ankawonjezera kuti chuma cha Nyasaland chaimira pa minda yawo: thangata akatha, tiyi atha, msonkho utha, njanji iima. Mawu amenewa ndi a Hammond aja, kungoti pa mpando wa thonje panakhala tiyi ndi fodya.

Chifukwa chimodzi chokha ndicho sichinamere bwino kuno: cha Baibulo. Amishonale ambiri ankalimbikitsa ntchito ya manja, ndipo ena anagwirizana ndi eni minda pa zambiri, koma sukulu za mishoni zinkatulutsa anthu odziwa kuwerenga chikalata ndi kuwerengera masiku a pa tikiti. N'chifukwa chake Bruce analetsa sukulu ndi matchalitchi pa malo ake, monga momwe zigawo zingapo zakummwera kwa America zinaletsera kuphunzitsa akapolo kuwerenga.

Amene anayankha

Yankho loyamba lomveka linachokera m'khoti la atsamunda lomwe. Mu 1903 kampani ya Blantyre and East Africa inatengeredwa kukhoti chifukwa chosainitsa anthu a pa malo ake pangano lakuti azigwira ntchito miyezi iwiri m'dzinja. Woweruza Joseph Nunan anapeza kuti panganolo linali lokondera mbali imodzi, ndipo eni nthaka sakanalandidwa chitetezo chawo mwa njira yotere. Chigamulo chinali chabwino, koma boma silinachitsatire ndi mphamvu, ndipo obwera sichinawathandize.

Mayankho ena anabwera ndi ana a akapolo a ku America. Mu 1902 Thomas Branch, munthu wakuda wobadwira ku Missouri makolo ake ali akapolo, anafika ku Thyolo ndi banja lake kudzatsogolera mishoni ya Adventist ya Plainfield, imene lero ndi Malamulo. Mwana wake Mabel ankaphunzitsa sukulu. Boma linkamukayikira Branch ngakhale sankalalikira zoukira, chifukwa kungoona munthu wakuda akuyendetsa mishoni kunkatsutsa zonse zimene eni minda ankanena za chibadwa. Ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, Landon Cheek ndi Emma DeLany ankathandiza John Chilembwe, amene anaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, pakati pa 1897 ndi 1900. Chilembwe anakhala pakati pa anthu amene anabadwira muukapolo. Anamva mmene ukapolo unkatetezedwera, anaona chimene chinaulowa m'malo, ndipo atabwerera anazindikira nkhope yomweyo kuseri kwa mpanda wa Bruce, kumene matchalitchi a udzu a anthu ake ankatenthedwa. George Mwase, amene analemba mbiri yake, ananena kuti Chilembwe ankauza anthu ake za John Brown, mzungu amene anaphedwa mu 1859 chifukwa choukira ukapolo.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe, ambiri mwa iwo Alomwe a pa esiteti, anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya Bruce, ndi azungu ena awiri. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale, ndipo otsatira ake ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa. Komiti yofufuza inavomereza kuti anthu ankazunzidwa pa minda ya Bruce, koma mlandu waukulu inaukankhira kwa munthu mmodzi wakufayo ndi kwa mamishoni, mchitidwe weniweniwo n'kuusiya. Lamulo la 1917 linayesa kuti lendi izilipidwa ndi ndalama, koma eni minda ankangothamangitsa wokana kugwira ntchito.

Lamulo la 1928 ndilo linaluma kwambiri ku Thyolo. Linalola kuti lendi ilipidwe ndi ndalama, ntchito kapena mbewu, koma linafafaniza kusiyana kwa eni nthaka ndi obwera, moti onse anasanduka olipira lendi. Linapatsa mwini esiteti mphamvu yochotsa mabanja okwana 10 pa 100 alionse pakatha zaka zisanu zilizonse popanda kupereka chifukwa. Mnyamata akakwanitsa zaka 16 ankatha kuuzidwa kuti achoke. Choipitsitsa, mwana wamkazi akapeza banja, mwamuna wake sankaloledwa kumanga nyumba popanda chilolezo cha bwana. Kwa Alomwe, Amang'anja ndi Ayao, amene mudzi wawo umaima pa mbumba ndipo mkamwini ndiye amatsata mkazi, zimenezi zinali kuthyola msana wa mudzi. Ankhoswe ankatha kugwirizana zonse, koma mawu omaliza a ukwati ankachokera ku ofesi ya esiteti.

Mu 1946 Sir Sidney Abrahams, wotumidwa kudzafufuza nkhani ya malo, anaona kuti mkangano wa eni minda ndi okhala pa minda sungathe popanda boma kugula malo osalimidwa n'kukhazikapo anthu. Ntchitoyo inayamba mu nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, koma inkayenda mwaulesi, ndipo ku Thyolo makampani sankafuna kutaya malo abwino. Mu 1953 lendi inakwera kuposa kawiri, chaka chomwecho chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikukakamizidwa pa anthu. Mu Ogasiti, pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza, anthu awiri anagwidwa powaganizira kuti aba malalanje. Mphekesera inawanda yakuti aphedwa, ndipo mkwiyo wa zaka 50 unaphulika. Anthu anagwetsa mitengo m'misewu, anadula mawaya a telefoni, anakana lendi ndi msonkho. Chipwirikiti chinafalikira m'maboma ena akummwera, apolisi anaitanidwa kuchokera ku Rhodesia ndi ku Tanganyika, ndipo Aafirika 11 anaphedwa. Zitatero boma linafulumiza kugula malo. Malawi Congress Party itapambana chisankho cha 1961, lamulo la 1962 linathetsa thangata. Tiyi sanathe. Njanji sinaime. Ulosi wa eni minda unapezeka wabodza, monga momwe unapezekera wabodza wa eni akapolo, pakuti ku America thonje linapitirira kulimidwa ukapolo utatha.

Zimene zatsala

Esiteti ya lero si ya 1928. Othyola tiyi amalandira malipiro, ali ndi bungwe lawo limene limakambirana ndi eni minda, ndipo alimi ang'onoang'ono, amene kale sankaloledwa kulima tiyi, akhala akulima kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa ukapolo, ntchito yokakamiza, ndiponso ntchito yomangirira munthu kwa bwana mofanana ndi ukapolo. Koma nthaka sinabwerere yonse. Boma la Thyolo lili ndi anthu oposa 700,000, ambiri opanikizana pa timinda ta m'zitunda m'mphepete mwa minda ya tiyi. Ntchito ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004, inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, n'kuwakhazika m'maboma monga Machinga ndi Mangochi. Kuukira kwa Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation pa nkhani ya malo mu 2016 kunaonetsa kuti paja mlandu suola.

Ndipo zifukwa zija sizinakwere ndege ndi atsamunda. Ufulu utabwera, Amalawi olemera anatsegula maesiteti awo a fodya, ndipo mabanja ambiri ochokera ku Thyolo ndi Mulanje anakakhala matenanti ku Kasungu, Mchinji ndi Mzimba, kudya phoso la ngongole chaka chonse n'kubwerera chimanjamanja. Lamulo loletsa utenanti linadzabwera mu 2021. M'makomo mwathu m'tauni timamva mawu akuti mtsikanayu ndimam'dyetsa, amagona kwanga, ali ngati mwana wanga, malipiro ngachiyani. Timamva kuti anthu a kumudzi ndi aulesi, ukawalipira bwino ayamba mwano. Timamva kuti wodandaula achoke, ofuna ntchito ali mbwee pageti. Wonena zimenezi mwina sanamvepo za Fitzhugh kapena Calhoun, koma akuyenda m'mapazi awo.

Mbiri ya thangata ikutipatsa njira yoyesera mawu oterowo. Wolankhulayo akupindula chiyani zinthu zikakhala momwe zilili? Wonenedwayo anafunsidwa maganizo ake? Akakana, ali ndi kopita ndi ana ake? Eni akapolo ndi eni maesiteti ankalankhulira anthu amene sankaloledwa kudzilankhulira, pamene wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pamene anthu a pa esiteti anapeza mpata woyankha, kaya pamaso pa komiti, kaya pamsewu wa ku Luchenza, kaya pa bokosi la voti mu 1961, yankho lawo linali limodzi, ndipo silinafanane ndi zimene mabwana ankawanenera. Mwana wa sukulu wa ku Thyolo ayenera kuphunzira zifukwa zimenezi ndi maina a amene anazinena, kuti akadzazimva pakamwa pa bwana, pa wandale, kapena pakamwa pake pomwe atalemba wantchito, adzazizindikire msanga n'kuzikana.